Magemu a pabolodi olowa m'mapanga a zilombo: mafunso ndi mayankho kwa wogula ali ku Mangochi

Mafunso ali pansipa ndi amene amandipeza kawirikawiri kuchokera kwa anthu akuno kwathu, ena a patauni, ena a ku Monkey Bay ndi ku Namwera, amene anaona magemuwa pa YouTube kapena kwa mnzawo mtima n'kutengeka. Bokosi limodzi limadya ndalama zambiri, ndipo likangofika kuno mulibe kolibweza. Choncho ndayankha mosapita m'mbali, ndipo pamene ndili ndi maganizo anga ndawanena poyera.

Kodi magemu amenewa ndi otani kwenikweni?

Wosewera aliyense amatenga ngwazi imodzi, kachidole kapulasitiki kamene kali ndi khadi lake losonyeza mphamvu, zida ndi kuchuluka kwa moyo. Ngwazizo zimalowera limodzi m'ndende zapansi pa nthaka, m'mapanga kapena m'mabwinja a nyumba za mafumu, n'kumatsegula zitseko chimodzichimodzi, kumenyana ndi zilombo, kupewa misampha ndi kutola chuma. Golide amene mwatola lero mumagulira lupanga kapena chishango chodzagwiritsa ntchito Loweruka likubweralo, moti nkhani imapitirira ulendo ndi ulendo.

Pa ludo ndi drafuti aliyense amafuna kugwetsa mnzake. Pano ngwazi zonse zili mbali imodzi, ndipo mmodzi akachita dyera onse amathera limodzi. Gwero lake ndi Dungeons & Dragons, gemu yosewera nthano yomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anaitulutsa mu 1974. Magemu a pabolodi anatenga nkhani yomweyo n'kuichepetsera malamulo kuti ikwane m'bokosi limodzi.

Ndalama zanga ndi za bokosi limodzi lokha. Nditenge liti?

Musanayang'ane bokosi lililonse, werengani anthu amene adzakhaledi patebulo panu. Sindikunena amene alonjeza pa WhatsApp, koma amene mukudziwa kuti Loweruka madzulo amapezeka. Kenako dzifunseni kuti mwa iwowo ndi angati amene angawerenge khadi la Chingerezi n'kulimvetsa popanda wowathandiza.

Ngati gulu lanu ndi losakanikirana, muli ana, muli akuluakulu, ena Chingerezi chimawavuta, ndipo lero mwakwana asanu mawa atatu, tengani HeroQuest. Ngati muli awiri mpaka anayi osaphonya, nonse mumawerenga bwino ndipo mumakonda kuswa mutu, tengani Gloomhaven: Jaws of the Lion. Mwa anthu amene amandifunsa, ambiri gulu lawo ndi loyambalo, ngakhale mtima wawo umathamangira mabokosi akuluakulu amene amatchuka pa intaneti.

N'chifukwa chiyani mumaikweza chonchi HeroQuest?

Gemuyi inatuluka koyamba mu 1989. Anaikonza ndi Stephen Baker, makampani a Milton Bradley ndi Games Workshop atagwirana manja. Inasowa pamsika kwa zaka zambiri kufikira pamene Hasbro inaitulutsanso mu 2021 m'dzina la Avalon Hill. Imaseweredwa ndi anthu awiri mpaka asanu. Mmodzi amakhala Zargon, mwini zoipa zonse, ndipo amakhala kuseri kwa chotchinga ali ndi buku la mapu. Enawo amagawana ngwazi zinayi: Barbarian, Dwarf, Elf ndi Wizard. M'bukumo muli maulendo 14.

Chimene ndimaikondera n'chakuti Chingerezi cholemera chonse chili m'manja mwa munthu mmodzi. Zargon yekha ndiye amawerenga buku, ndipo akhoza kufotokoza nkhaniyo m'Chichewa kapena m'Chiyao monga akufunira. Enawo ayenera kudziwa zochepa: madayisi awiri ofiira ndi oyendera, oyera ndi omenyera nkhondo. Dayisi yoyera ili ndi chibade mbali zitatu, chishango choyera mbali ziwiri ndi chishango chakuda mbali imodzi. Chibade chimavulaza, chishango choyera chimateteza ngwazi, chakuda chimateteza chilombo. Munthu amene sanaonepo gemuyi amakhala atazimva tiyi asanazizire.

Komanso bolodi limayamba lili lopanda kanthu. Zomwe zili m'chipinda zimaikidwa pokhapokha chitseko chatsegulidwa. Tsiku lina mwana wa mnzanga, wa Sitandade 6, anali ndi Dwarf. Anafika pachitseko, chala chili pamwamba pa kachitsekoko, koma pakamwa osatuluka mawu oti "ndatsegula". Amalume ake, omwe anali Zargon, anatsitsa mawu n'kunena kuti mkatimo mukumveka unyolo ukukwekwereka pansi. Mwana uja anabweza chala, n'kucheukira mkulu wake amene anali ndi Barbarian: "Achimwene, tsogolani ndinu, muli ndi moyo 8." Mkuluyo anatsegula, amalume anatulutsa zigoba ziwiri za mafupa n'kuziimika pafupi ndi bokosi la chuma, ndipo khonde lonse linakuwa. Palibe mwana amene anawerenga liwu limodzi la Chingerezi madzulo amenewo.

Zofooka zake zilipo. Mwayi wa dayisi ndi waukulu, moti nzeru zanu zikhoza kuthera m'madzi chifukwa cha kuponya kumodzi. Kuyenda koyembekezera dayisi kumatopetsa m'makonde aatali opanda chilombo. Wizard amayamba ndi moyo 4 wokha, ndipo mukampatsa mwana wosapirira adzafa msanga n'kukhala akungoonerera. Zargon nayenso afunika munthu wodziwa kuti ntchito yake ndi kusangalatsa anzake. Akakhala wofuna kupambana basi, ana sabweranso.

Koma aliyense amati Gloomhaven ndiyo yoposa zonse. Bwanji osayambira pomwepo?

Kutchuka kwake sikwabodza. Isaac Childres anaitulutsa mu 2017 kudzera ku kampani yake ya Cephalofair Games, ndipo inakhala pa nambala 1 pa BoardGameGeek, tsamba la pa intaneti losanja magemu a pabolodi, kwa zaka zoposa zisanu kufikira mu 2023. Mulibe dayisi. Nthawi yanu ikakwana mumasankha makadi awiri m'manja mwanu, n'kugwiritsa ntchito theka lapamwamba la khadi lina ndi theka lapansi la linzake. Nambala ya pakati pa khadi ndiyo imanena woyamba kuyenda. Makadi akatha mumapuma n'kuwatolanso, koma kupuma kulikonse kumakulandani khadi limodzi mpaka ulendowo utatha. Choncho ngwazi imatopa pang'onopang'ono, ndipo wozengereza amagwa asanafike chipinda chomaliza. Zilombo zimayendetsedwa ndi makadi awo, palibe Zargon. Ndi nzeru yokoma kwambiri, ndipo ine ndimaikonda.

Vuto ndi kukula kwake. Bokosi loyambalo limalemera pafupifupi makilogalamu 10, linkagulitsidwa madola 140, ndipo lili ndi maulendo 95 ndi ngwazi 17, zambiri zili zotsekeredwa m'timabokosi mpaka mutazipeza m'nkhani. Simusewera maulendo onsewo, komabe gulu lokumana kamodzi pasabata lidzadutsa chaka lisanaone mapeto. Tsono taganizirani za magulu athu kuno. Mphunzitsi amasamutsidwa, wophunzira amabwerera kusukulu tchuthi chikatha, mnyamata amanyamuka ulendo wa ku Joni. Gulu loti likhale lomwelo chaka chathunthu ndi losowa. Kuyala bolodi ndi kulongedza pakokha kumadya nthawi yoti ena akanasewera ulendo wathunthu wa HeroQuest, ndipo pafunika tebulo lalikulu limene simudyerapo nsima usiku umenewo.

Frosthaven, yomwe inasonkhetsa ndalama pafupifupi madola 13 miliyoni pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti limene anthu amalipirirapo chinthu chisanapangidwe, mu 2020, ndi yaikulu ndi yolemera kuposa pamenepa. Imeneyo ndi ya anthu amene anamaliza kale inzake.

Nanga Jaws of the Lion ikusiyana pati?

Ndi Gloomhaven yomweyo atayichepetsa bwinobwino. Inatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 50, ili ndi maulendo 25 ndi ngwazi zinayi: Hatchet, Red Guard, Demolitionist ndi Voidwarden. Maulendo asanu oyamba ndi sukulu, amakuphunzitsani malamulo pang'onopang'ono muli mkati mosewera. Mapu anasindikizidwa m'buku lomwe mumangolitambasula patebulo n'kuikapo tizidole, moti kuyala sikuchedwa. Miyezi ingapo ikwanira kuimaliza, ndipo ngwazi zake zikhoza kudzalowa mu Gloomhaven yaikulu mtsogolo.

Chenjezo ndi limodzi. Makadi a munthu ndi chinsinsi chake mpaka onse atasankha, choncho aliyense ayenera kudziwerengera yekha. Mukakhala ndi mmodzi wosawerenga bwino, mnzake amayamba kumusankhira, ndipo posakhalitsa munthu uja amasanduka wongogwirira makadi. Voidwarden ndiye wovuta pa onse anayi, musampatse woyamba kumene.

Descent ndaimvanso. Ili bwanji?

Pali magemu awiri osiyana amene ali ndi dzinali, ndipo anthu amasokonezeka nawo. Descent: Journeys in the Dark ya Fantasy Flight Games inatuluka mu 2005, ndipo mtundu wake wachiwiri unabwera mu 2012. Mmenemo wosewera mmodzi amayendetsa zilombo, koma iyeyu amalimbanadi kuti apambane, ndipo mbali imene yayamba kupambana imanka nikulirakulira mphamvu. Ena zimenezi amazikonda, ena zimawadanitsa. Mu 2016 kunabwera pulogalamu ya pafoni ya Road to Legend yoti iziyendetsa zilombo onse n'kukhala mbali imodzi. Gemuyi anasiya kuisindikiza, moti mabokosi ake owonjezera amapezeka kwa anthu ogulitsa zakale pa mitengo yokwera.

Inayo ndi Descent: Legends of the Dark ya mu 2021, ya madola pafupifupi 175, yokongola ndi masitepe ndi mizati ya makatoni yoimirira patebulo. Koma popanda foni, tabuleti kapena kompyuta siiseweredwa n'komwe, chifukwa mapu, zilombo ndi nkhani yonse zili mu pulogalamu. M'nyumba imene foni yabwino ndi imodzi, ndipo eni ake akuyembekezera kuimbiridwa, kapena magetsi azima batire lili pa 15, bokosi lodulalo limangokhala. Ine sindimailimbikitsa kuno ngati bokosi loyamba.

Ndikufuna yosewera ndi ana a ku pulayimale.

Mice and Mystics, ya Jerry Hawthorne, ya mu 2012. Ngwazi zake ndi anthu a kunyumba ya mfumu amene asanduka mbewa, ndipo adani awo ndi makoswe, mphemvu, akangaude ndi mphaka wa m'nyumbamo. Imabwera ndi buku la nthano lomwe wamkulu amawerenga mokweza mutu ndi mutu, ndipo amayi kapena abambo akhoza kumamasulira akuwerenga. Bokosi limati kuyambira zaka 7, koma malamulo afunika wamkulu pambali. Ili ndi zowonjezera ziwiri, Heart of Glorm yaing'ono ndi Downwood Tales yaikulu.

HeroQuest yatsopano inalembedwa zaka 14 kupita m'tsogolo, komabe mwana wa zaka 9 kapena 10 amaisewera bwino pakakhala wamkulu womutsogolera. Tizidutswa tating'ono tisakhale pofikira mwana wokwawa.

Ndilibe gulu. Tili awiri, nthawi zina ndekha.

Jaws of the Lion imaseweredwa ndi munthu mmodzi atagwira ngwazi ziwiri. One Deck Dungeon ya mu 2016 ndi kabokosi kokwana m'chikwama, ka makadi ndi madayisi, ka munthu mmodzi kapena awiri, ndipo kutumiza kwake sikudula. Palinso magemu a Dungeons & Dragons a pabolodi monga Castle Ravenloft ya 2010, Wrath of Ashardalon ndi The Legend of Drizzt za 2011, a munthu mmodzi mpaka asanu, onse mbali imodzi, ulendo umodzi pafupifupi ola. HeroQuest nayo ili ndi pulogalamu yaulere ya pafoni yogwira ntchito ya Zargon, ngakhale kwa ine kukoma kwake kumachepa pakasowa munthu wofotokoza ndi pakamwa.

Makolo anga akuti zimenezi ndi zaufiti, ena akuti ndi juga. Ndiwayankhe bwanji?

Funso ili musalipeputse. Kuno mawu akuti ufiti avulazitsapo anthu, ndipo kachidole ka chigoba cha mafupa kakapezeka pansi pa bedi la mnyamata popanda wofotokoza, nkhani ikhoza kukula mosayembekezeka. Choncho musabise bokosi. Tsiku lomwe lafika litseguleni pamaso pa akuluakulu a pakhomo, agwire tizidoleto aone kuti ndi pulasitiki ya kufakitale, aone buku la malamulo, ndipo ngati alola akhale nawo pa ulendo woyamba. Afotokozereni kuti ndi nthano yosewera ndi manja, kuti ngwazi ndizo zikulimbana ndi zoipazo, ndipo kuti "matsenga" a Wizard ndi khadi lolembedwa kuti chotsani moyo 2 kwa chilombo. Palibe chonena pakamwa, palibe chopembedza.

Muwauzenso zoona za zomwe zili mkatimo. HeroQuest ili ndi mitembo yoyenda ndi zigoba. Gloomhaven ili ndi zilombo zotchedwa ziwanda. Castle Ravenloft yonse ndi nkhani ya womwa magazi, ndipo kwa ife amene tikukumbukira mphekesera za anamapopa ndi zimene zinachitikira anthu osalakwa chifukwa cha izo, imeneyo sindingaiyale pakhonde poonekera msewu. Wrath of Ashardalon, yomwe mdani wake ndi chinjoka chofiira, imachita ntchito yomweyo popanda nkhani ya womwa magazi.

Za juga, yankho ndi lophweka: palibe kubetcha, ndipo musalole kuti wina ayambitse. Koma pali abale athu ena achisilamu amene amapewa masewera a dayisi ngakhale popanda ndalama, enanso safuna zifanizo za zamoyo m'nyumba, ndipo Akhristu ena amakana chilichonse chotchula matsenga. Mangochi tikukhala mosakanikirana, ndipo mnzanu akanena kuti chikhulupiriro chake sichimulola, musamunyengerere. Ngati vuto ndi dayisi yokha, Jaws of the Lion ilibe dayisi. Ngati akukayika, akafunse kwa shehe kapena abusa ake, abwere mtima uli m'malo. Makolo akakanitsitsa, bokosilo likakhale kwa mnzanu amene kwawo alola.

Zowonjezera ndigule liti? Wondigulira akuti kuli bwino atengeretu zonse.

Ayi, musatengeretu. Malizani bokosi loyamba, kapena mufike pafupi ndi mapeto gulu likadali ndi njala. Ndikudziwa chimene chimakoka mtima: wobwera kuchokera ku Joni sabwera mwezi ndi mwezi, ndiye mumaopa kuti mwayi sudzapezekanso. Koma maulendo 14 a HeroQuest, kwa gulu lokumana Loweruka lokha, ndi miyezi yoposa itatu popanda kuphonya kapena kubwereza ulendo umene mwagonja. Pofika pamenepo mudzakhala mutadziwa ngati gulu lanu lilipodi, ndiponso chimene likusowa.

Pakuti zowonjezera sizifanana. Zina zimabweretsa maulendo atsopano, zina ngwazi yatsopano yokha, zina zilombo ndi tizidole tokongoletsera. Gulu limene latha buku likusowa maulendo. Gulu limene latopa ndi ngwazi zomwezomwezo likusowa ngwazi. Ndipo ngati gemu yeniyeniyo sinakukomereni, palibe chowonjezera chimene chidzaikometse. Ndalama imeneyo kuli bwino mugulire gemu yamtundu wina.

Za HeroQuest ndiyambe ndi chiti?

Kellar's Keep, kenako Return of the Witch Lord. Chilichonse chili ndi maulendo 10, chimapitiriza nkhani ya m'bokosi loyamba, ndipo sichiwonjezera malamulo ambiri. Pamenepo muli ndi maulendo 34, okwanira nthawi yaitali ndithu. The Frozen Horror imatchuka ndi kuuma kwake. Maulendo ake oyamba ndi a Barbarian yekha, ndipo ngwazi zopanda zida zabwino zimaphedwa msangamsanga, choncho isakhale yoyamba. The Mage of the Mirror imatsamira pa Elf, ndipo Rise of the Dread Moon imapitiriza nkhani ya dziko lomwelo, ndiye muzitenge motsatana choncho. Timabokosi ta ngwazi imodzi tisiyeni kaye mpaka wina patebulo atanena yekha kuti watopa ndi Dwarf wake.

Nanga za magemu enawo?

Jaws of the Lion ndi yokwanira payokha, ndipo chotsatira chake ndi Gloomhaven yaikulu. Forgotten Circles ya mu 2019 ndi chowonjezera cha Gloomhaven chimene anachikonzera anthu omaliza nkhani yonse, choncho kuchigula pamodzi ndi bokosi loyamba ndi kugoneka ndalama chaka chathunthu. Magemu a Dungeons & Dragons aja lililonse ndi lathunthu palokha, koma ngwazi ndi zilombo zake zimasakanizika, moti bokosi lachiwiri limakhala gemu yatsopano komanso chowonjezera nthawi imodzi.

Pali misampha yanji pogula?

Woyamba ndi kugula chowonjezera mukuyesa gemu yathunthu. Bokosi lake limaoneka bwino ndipo mtengo ndi wotsika, koma mkati mulibe bolodi kapena madayisi. Pachikuto pamalembedwa kuti likufunika bokosi loyamba, ndiye wokugulirani akutumizireni chithunzi cha kutsogolo ndi kumbuyo asanalipire. The Betrayer's War ya mu 2023, mwachitsanzo, siyenda popanda Legends of the Dark.

Wachiwiri ndi kusakaniza mitundu. Zowonjezera za Descent ya 2005 sizilowa mwachindunji mu ya 2012, ndipo zonsezo sizigwirizana ndi Legends of the Dark. Gloomhaven nayo ili ndi mtundu wachiwiri tsopano, choncho funsani kuti chimene mukugulacho ndi cha uti. Wachitatu ndi chilankhulo. Magemuwa amasindikizidwanso m'Chijeremani, m'Chifalansa ndi m'zilankhulo zina, chithunzi cha pabokosi chili chomwecho.

Lifika bwanji kuno?

Njira imene ambiri timadalira ndi abale athu a ku South Africa. Ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town kuli mashopu a magemu, ndipo magemu ena amapezeka pa Takealot, shopu ya pa intaneti ya komweko. Wachibale amagula, n'kubwera nalo yekha kapena kupatsira matransipota amene amanyamula katundu wa anthu akuno. Muuzeni alikulunge m'pulasitiki kawiri, aliike pakati pa zovala kapena mabulangete, lisakhale pansi pa katundu wolemera kapena pafupi ndi mafuta ophikira. Lisiti isatayike, chifukwa pachipata a MRA akhoza kufuna kudziwa mtengo wake powerengera msonkho.

Kuitanitsa nokha kuchokera ku Ulaya kapena ku America n'kotheka, koma ndalama yotumizira imawerengedwa pa kulemera, ndipo pa bokosi lalikulu ikhoza kufanana ndi mtengo wa gemuyo. Onjezani kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha, monga muja inatsikira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mudzaona chifukwa chake ndimalimbikira zoyamba ndi bokosi limodzi. Ngati wobwera nalo akudandaula kulemera, achotseretu tizidutswa m'makatoni ake n'kutaya zotsalazo. Anthu anayi mukasonkherana, gwirizanani poyamba kuti bokosi lizikhala kwa yani, ndiponso kuti wina akasamuka zidzatha bwanji.

Musanatumize ndalama, tsitsani buku la malamulo, lomwe makampani ambiri amaliika pa intaneti mwaulere, ndipo muonere kanema mmodzi wa anthu akusewera. Bandulo ya tsiku limodzi ikhoza kukupulumutsirani ndalama za miyezi.

Lakale, logwiritsidwapo kale ntchito, lili bwino?

Lili bwino ngati mwawerenga zamkati. Buku la malamulo limakhala ndi mndandanda wa zonse, ndiye wogulitsa awerenge makadi ndi tizidole pamaso pa wokugulirani. Pa Gloomhaven ndi Jaws of the Lion funsani ngati masitika anamatidwa kale pamapu ndi pamakadi, komanso ngati timabokosi tachinsinsi tinatsegulidwa. Zimaseweredwabe, koma mtengo utsike.

Nyengo yathu ino siliwononga?

Imawononga mukalitayirira. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapinda malupanga ndi mikondo ya tizidole, makamaka bokosi likasiyidwa m'galimoto kapena pafupi ndi malata. Kopindika kaviikeni m'madzi otentha pang'ono, kawongoleni ndi zala, kenako kaponyeni m'madzi ozizira. Dzinja likafika, chinyezi cha kunyanja chimafufumitsa makadi ndi kupinda bolodi, ndipo nkhungu imayamba m'makona a bokosi. Chiswe, mphemvu ndi makoswe onse amakonda katoni.

Gulani chibokosi chapulasitiki chotseka bwino, muikemo bokosi lonse pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo chikhale pamwamba, osati pansi kapena chotsamira khoma. Makadi ogwiridwa kawirikawiri avekeni timatumba tapulasitiki, ndipo timeneti muitanitse limodzi ndi gemuyo mutaona kukula kwa makadi ake. Atelala akhoza kukusokerani timatumba ta nsalu ya chitenje tosungira zilombo mtundu ndi mtundu. Mapepala olembapo moyo ndi golide wa ngwazi kawachititseni fotokope patauni asanathe. Ndipo kanyenya, usipa wokazinga ndi mandasi zidyedwe gemu isanayambe, anthu asambe m'manja, chifukwa mafuta akalowa m'khadi satulukanso.

Mukasewera pakhonde nthawi ya mwera, kapena m'nyumba fani ikuzungulira, makadi amauluka. Timiyala tosalala ta kunyanja timagwira ntchito yowapsinja.

Magetsi akazima?

Nyale ya sola imodzi yopachika pamwamba pa tebulo ikwanira HeroQuest, popeza zizindikiro za pamadayisi ndi zazikulu. Zilembo za pamakadi a Gloomhaven ndi zazing'ono, ndiye pafunika kuwala kokwanira kapena kuyamba dzuwa likadalipo. Kandulo ayi, phula ndi moto siziyenderana ndi katoni.

Tamaliza maulendo onse ndipo ndalama ya chowonjezera palibe. Basi zathera pomwepa?

Pa HeroQuest ayi. Kumapeto kwa buku la maulendo kuli mapu opanda kanthu ndi zizindikiro zake, oti mujambulepo ulendo wanuwanu. Chititsani fotokope angapo, mutenge pensulo. Zargon wa kuno ali ndi poyambira pambiri: mabwinja a Fort Mangochi kumapiri a ku Namwera, zilumba za Domwe ndi Thumbi, ngalawa yomira, mudzi umene asodzi ake sakubwerako kunyanja. Mainawo akangomveka, ana amatchera khutu kuposa mmene amachitira ndi maina achilendo a m'buku.

Pojambula, tengani ulendo umodzi wa m'buku umene gulu lanu linaupambana movutikira, muwerenge zilombo ndi misampha yake, ndipo wanuwo usapitirire pamenepo. Chipinda choyamba chikhale chopepuka, chuma chenicheni chikhale kuseri kwa chitseko chobisika, ndipo chilombo chachikulu chisaonekere mpaka ngwazi zitataya moyo pang'ono panjira. Mukatha, sinthanani mpando: amene anali Barbarian ajambule ulendo wotsatira, Zargon wakale atenge Wizard.